Mlendo alandire zingati?

Zipupa za magolosale a pa Kamwendo m'boma la Mchinji zimayankhula. China n'chopakidwa penti yofiira, china yobiriwira, china chili ndi chithunzi cha thumba la mbewu ya chimanga kapena botolo la mafuta ophikira. Pa tsiku la msika pamafikanso galimoto yokhala ndi zokuzira mawu pamwamba, achinyamata ovala malaya ofanana n'kumavina uku akuitanira anthu kuti agule makhadi a foni kapena sopo watsopano.

Zonsezi sizichitika mwangozi. Kuli munthu wina muofesi ku Lilongwe kapena ku Blantyre amene amakhala pansi n'kusankha mtundu wa penti, mawu olembedwa pachipupa, nyimbo yoti ilire pagalimotopo ndi ndalama zoti zilowe pantchito yonseyo. Ameneyo ndiye mkulu woona zotsatsa malonda pakampani. Kawirikawiri amakhala Mmalawi, koma makampani ena, maka amene likulu lawo lili kunja, amatha kuitanitsa munthu wochokera ku Kenya, India kapena South Africa kuti adzagwire ntchito ngati imeneyi.

Apa ndiye pagona funso limene maboma ambiri akhala akulimbana nalo: mlendo akabwera kudzagwira ntchito, alandire zingati? Funsoli likuoneka ngati la mabwana a m'tauni, koma likukhudzanso banja la pa Kamwendo limene likufuna kugulitsa ng'ombe kuti mwana apite ku Joni, ku Israel kapena ku Britain. Kumeneko mlendoyo ndi mwana wawo.

Mitengo iwiri

Mlimi aliyense wa mtedza kapena soya ku Mchinji amadziwa kuti mbewu ili ndi mitengo iwiri. Woyamba ndi umene unduna wa zamalimidwe umalengeza nyengo yokolola ikayandikira, wonena kuti wogula asatsike kuposera apa. Wachiwiri ndi umene uli pasikelo za mavenda tsiku limenelo, womwe mlimi amaudziwa pofunsa anzake amene agulitsa kale m'mamawa.

Ntchito nayo ili ndi mitengo iwiri yomweyi. Pali malipiro otsikitsitsa amene boma limakhazikitsa. M'dziko muno adali K50 000 pamwezi kuyambira mu 2021, adafika pa K90 000 mu 2024, ndipo mu 2025 adakwera kufika pa K126 000 kwa ogwira ntchito m'makampani. Ndiye pali malipiro amene ntchito iliyonse ikuyendera pamsika. Dalaivala wa thiraki ali ndi mtengo wake, wowerengera ndalama ali ndi wake, mkulu wa zotsatsa malonda alinso ndi wake. Mtengowu umasiyana malinga ndi dera, monga momwe kilogalamu ya mtedza imasiyanira mtengo pa Kamwendo ndi mumsika wa ku Lilongwe.

Ku America mtengo wachiwiriwu amautcha prevailing wage, pomwe ku Britain amati going rate. M'Chichewa ungatchedwe malipiro apamsika.

Chifukwa chimene maboma amalondolera malipiro apamsika chimaoneka bwino pasikelo pomwepo. Venda akapeza alimi angapo opanikizika, wina mwana wabwezedwa kusukulu kaamba ka fizi, wina ali ndi matenda pakhomo, ndipo alimiwo avomera kugulitsa pa theka la mtengo, sagulanso kwa wina aliyense pamtengo wabwino. Mtengo wagwa kwa onse, ngakhale amene sadali pamavuto.

Mlendo wofuna ntchito amafanana ndi mlimi wopanikizikayo. Wachoka kwawo komwe ndalama ndi yofooka, ali ndi ngongole ya ulendo, ndipo chiphaso chake chokhalira m'dzikomo chimadalira bwana amene wamulemba. Munthu wotere amavomera zochepa ndipo sadandaula. Bwana akazolowera zimenezi, mbadwa yopempha malipiro oyenera imauzidwa kuti pageti pali ena ambiri odikira. N'chifukwa chake lamulo lonena kuti mlendo asalipidwe zochepera mbadwa limateteza anthu awiri nthawi imodzi: mlendoyo kuti asadyeredwe masuku pamutu, komanso mwini dziko kuti malipiro ake asagwe.

Zomwe adaona a Wenela

Agogo ambiri a ku Mchinji adaziona zimenezi ndi maso. Kwa zaka zambiri bungwe la Wenela linkalemba amuna m'dziko muno n'kuwatumiza kumigodi ya golide ku South Africa, pomwe la Mthandizi linkatumiza ena kuminda ya ku Southern Rhodesia, dziko lomwe lero ndi Zimbabwe. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100 000 adali m'migodi ya ku Joni.

Eni migodiyo adagwirizana kuti asamapikisane pa malipiro a anthu akuda. Mbadwa za ku South Africa zikakana ntchito yoopsayo pamalipiro ochepa, iwo sankakweza ndalama koma ankapita kukatenga anthu kutali, ku Malawi, Mozambique ndi Lesotho. Katswiri wa zachuma wa m'dzikolo, Francis Wilson, adawerengetsera nkhaniyi m'buku lomwe lidatuluka mu 1972. Iye adapeza kuti malipiro a munthu wakuda pamgodi mu 1969 sankagula zinthu zoposa zimene malipiro a mu 1911 ankagula, ndipo mzungu ankalandira ndalama zowirikiza ka 20 zimene wakuda ankalandira.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kumudzi. Kamuzu Banda adaimitsa ntchito yolemba anthu opita kumigodi, ndipo ambiri omwe adali kumeneko adabwerera. Chaka chotsatira Mozambique idalandira ufulu wodzilamulira, eni migodi n'kuyamba kukayika ngati antchito a kumeneko apitirire kubwera. Mtengo wa golide nawo udali utakwera. M'zaka zochepa chabe malipiro a m'migodi adawirikiza kangapo pofuna kukopa mbadwa zomwe kale zinkaikana ntchitoyo. Mlendo wotchipa atasowa, ndalama zolipira bwino zidapezeka.

Momwe amachitira ku America

Dziko limene lidalemba nkhaniyi mwatsatanetsatane m'malamulo ake ndi la America. Mu 1931 lamulo la Davis-Bacon lidalamula makontilakitala omanga nyumba za boma kuti azilipira antchito molingana ndi malipiro a m'dera lomwe akumangalo. Cholinga chidali choti kontilakitala asamapate ntchito kaamba kongobweretsa anthu otchipa ochokera kudera lina. Mu 1990 dzikolo lidakhazikitsa viza ya H-1B, ya alendo ogwira ntchito zofuna digiri, ndipo ganizo lomweli lidalowanso mmenemo.

Kampani ya ku America ikafuna kulemba mkulu wa zotsatsa malonda wochokera kunja, kaya ku Malawi kaya ku India, imayamba yapita kuunduna wa zantchito wa dzikolo. Kumeneko imasaina chikalata cholonjeza kuti idzalipira mlendoyo ndalama yokulirapo mwa ziwiri izi: malipiro apamsika a ntchitoyo m'dera limenelo, kapena malipiro amene kampaniyo ikupereka kale kwa antchito ake ena a udindo ndi luso lofanana. Mwachitsanzo, ngati pamsika ntchitoyo ndi ya $90 000 pachaka koma anzake pakampanipo amalandira $100 000, mlendoyo ayenera kulandira $100 000.

Malipiro apamsikawo sachokera m'mutu mwa bwana. Kawirikawiri amatengedwa pa kafukufuku amene boma limachita m'makampani ambirimbiri, ndipo zotsatira zake zimaikidwa pa intaneti, ntchito ndi ntchito, dera ndi dera, moti aliyense angathe kuziona. Ntchito iliyonse idagawidwa m'magawo anayi, kuyambira wongoyamba kumene mpaka katswiri woyang'anira anzake. Choncho mkulu wa zotsatsa malonda mumzinda wa New York ali ndi mtengo wosiyana ndi wa mnzake wa m'katauni ka kumidzi, ndipo wongotuluka kumene kuyunivesite sangafanane ndi amene wakalambira pantchitoyo.

Kampani iyeneranso kuika chidziwitso pamalo a ntchito kwa masiku 10, kuti antchito ena adziwe kuti kukubwera mlendo komanso malipiro amene alandire. Ikapezeka kuti ikulipira zochepera, imalamulidwa kubweza ndalama zonse zotsalira, ikhoza kulipitsidwa chindapusa, ndiponso kuletsedwa kuitanitsa alendo ena kwa kanthawi. Ngakhale ntchito itachepa pakampani, bwana saloledwa kumukhazika mlendoyo kunyumba osamulipira.

Komabe mpanda uliwonse uli ndi pobooka. Mabungwe oyankhulira antchito akhala akudandaula kuti makampani ena amaika munthu wodziwa bwino ntchito m'gawo loyamba kapena lachiwiri, la malipiro otsika, ngati kuti ndi wophunzira kumene. Mavizawa ndi owerengekanso: 65 000 pachaka, kuwonjezerapo 20 000 a anthu omwe adachita digiri yachiwiri kapena kuposera apo m'dziko lomwelo. Mu Seputembala 2025 mtsogoleri wa dzikolo, Donald Trump, adalamula kuti kampani izilipira $100 000 popempha viza yotere kwa munthu watsopano amene ali kunja, zomwe zidapanikiza khomolo kwambiri.

Ku Britain ndi ku Joni

Ku Britain kampani yofuna kulemba mlendo iyenera kukhala ndi laisensi ya boma, ndipo imapereka kwa wantchitoyo nambala ya chikalata chotsimikiza kuti yamutengadi. Pa viza ya Skilled Worker pali miyeso iwiri, ndalama yoyambira ya onse ndi malipiro apamsika a ntchitoyo, ndipo bwana ayenera kulipira yokulirapo. Kwa anthu ambiri ndalama yoyambirayo idali £26 200 pachaka, idakwera kufika pa £38 700 mu Epulo 2024, kenaka £41 700 mu Julayi 2025.

Ntchito zosamalira okalamba, zomwe zidakopa anthu ambiri a kuno kummwera kwa Africa, zidali ndi muyeso wotsikirapo, ndipo n'kumene chinyengo chidachuluka. Anthu ankapereka ndalama zankhaninkhani kwa madobadoba, n'kukapeza kuti ntchito kulibe kapena maola ogwirira ndi ochepa zedi. Pakati pa Julayi 2022 ndi Disembala 2024 boma la Britain lidalanda malaisensi a mabwana oposa 470 m'gawoli, zomwe zidakhudza antchito oposa 39 000. Mu Julayi 2025 njira yolemba anthu atsopano ochokera kunja pa ntchitozi idatsekedwa. Choncho munthu wolonjeza viza yatsopano ya ntchito yotere kuchokera kuno ndi wofunika kumufunsa mafunso ambiri.

Ku South Africa malamulo a mu 2014 adati wopempha viza ya ntchito abweretse kalata ya unduna wa zantchito yotsimikiza zinthu ziwiri zikuluzikulu: kuti bwana wafunafuna mbadwa yoyenera koma sadaipeze, komanso kuti malipiro a mlendoyo sakuchepera pa zomwe mbadwa za udindo wofanana zimalandira. Mu Okutobala 2024 dzikolo lidayamba njira yowerengera mapointi, momwe maphunziro, zaka zomwe munthu wagwira ntchito ndi kukula kwa malipiro zimaunikidwa.

Koma Amalawi ambiri a ku Joni sadutsa khomo limenelo. Iwo amagwira ntchito m'nyumba, m'madimba a maluwa, m'mashopu ndi m'mafamu. Kwa iwo muyeso wofunika kuudziwa ndi wa malipiro otsikitsitsa, omwe adayamba pa 1 Januwale 2019 ali R20 pa ola n'kufika pa R28.79 mu Malichi 2025, ndipo amakhudzanso antchito a m'nyumba ndi a m'mafamu. Pamlingo wa mu 2025, munthu wogwira maola 45 pasabata amayenera kulandira pafupifupi R5 600 pamwezi.

Mu 2008 khoti loona za ntchito m'dzikolo lidagamula mlandu wa kampani ya Discovery Health ndi mzika ya ku Argentina yomwe chiphaso chake chidatha. Khoti lidati munthu wotere ndi wantchitobe pamaso pa lamulo ndipo ali ndi ufulu wokadandaula. Izi sizikutanthauza kuti wopanda mapepala sangagwidwe n'kutumizidwa ku Lindela kudikira kubwezedwa kwawo, koma zikutanthauza kuti bwana sangabisale kuseri kwa pasipoti kuti amudyere thukuta.

Pamene lamuloli silitsatidwa, mkwiyo umagwera mlendo osati bwana. Pa ziwawa za mu Meyi 2008 anthu 62 adaphedwa ndipo Amalawi ambiri adabwerera kumudzi pamabasi ali chimanjamanja. Limodzi mwa madandaulo amene ankamveka nthawiyo lidali loti alendo amavomera malipiro ochepa n'kulanda ntchito za eni dziko.

Nanga kuno ku Malawi?

Mlendo wodzagwira ntchito m'dziko muno ayenera kukhala ndi chiphaso cha Temporary Employment Permit, chomwe ambiri amangoti TEP. Chiphasochi chimachokera kunthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, chimapemphedwa ndi kampani osati wantchitoyo, ndipo kawirikawiri chimakhala cha zaka ziwiri, n'kutheka kuchiwonjezera. Ndondomeko yomwe boma lidatulutsa mu Novembala 1998 imati mlendo alembedwe pamalo pokhapo pamene Amalawi oyenera akusowa. Imasiyanitsa maudindo ochepa akuluakulu, omwe mwini ndalama amaloledwa kuikapo munthu amene amamukhulupirira, ndi maudindo a kanthawi, omwe mlendo amagwirizira podikira kuti Mmalawi adziwe ntchitoyo. Kampani imayembekezereka kuonetsa kuti idalengeza ntchitoyo m'nyuzipepala za m'dziko muno, ndiponso kuti yaika Mmalawi woti aziphunzira pambali pa mlendoyo.

Maiko oyandikana ndi Mchinji ali ndi njira zawo. Ku Zambia lamulo la ntchito la mu 2019 limati mzika ndiyo iyambe kuganiziridwa ntchito ikapezeka. Ku Mozambique lamulo la mu 2007 lidaika malire a chiwerengero: alendo 5 pa antchito 100 alionse m'kampani yaikulu, 8 m'kampani yapakati ndi 10 m'kampani yaing'ono.

Pankhani ya malipiro, malamulo a dziko lino amayankhula momveka. Ndime 31 ya malamulo aakulu imati munthu aliyense alandire malipiro oyenera, ndipo ogwira ntchito yofanana alandire zofanana. Ndime 6 ya lamulo la ntchito la mu 2000 imabwereza zomwezo, n'kutchula dziko lochokera munthu pa zinthu zomwe bwana sayenera kusiyanitsira anthu.

Chosiyana n'choti m'maofesi akuluakulu a kuno sikelo imapendekera mbali ina. Dandaulo lomwe limamveka kwambiri ndi loti mlendo akulandira zochuluka kuposa Mmalawi wa maphunziro ofanana, kuwonjezerapo nyumba, galimoto, fizi ya ana ndi tikiti ya ndege. Ena malipiro awo amawerengedwa m'madola. Pamene ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wolandira potengera dola adaona makwacha ake atachuluka, pomwe mnzake wa tebulo loyandikana adatsala pomwe adali, mitengo ya zinthu ikukwera.

Nkhaniyi idafufuzidwapo. Kafukufuku yemwe adatsogolera ndi Stuart Carr wa payunivesite ya Massey ku New Zealand, ndipo adatuluka mu 2010, adafunsa antchito pafupifupi 1 300 m'mabungwe oposa 200 a m'maiko asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Malawi ndi Uganda. Adapeza kuti kuphatikiza maiko onsewo, olandira malipiro a alendo ankapeza ndalama zowirikiza kanayi za eni dziko ogwira ntchito yofanana, ndipo eni dzikowo ankaona kuti akuponderezedwa, mtima wa ntchito n'kumatha.

Makampani nawo ali ndi mbali yawo. Amati munthu sangachoke ku Nairobi kapena ku Johannesburg ndi banja lake kudzalandira zochepera zomwe ankapeza kwawo, ndipo luso lina limafunika mwachangu pamene kampani ikuyambitsa malonda atsopano. Paja akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Vuto limabwera pamene kalumoko sakasiya: zaka zikupita, TEP ikungowonjezeredwa, Mmalawi amene adaikidwa kuti aphunzire ntchito akadali wonyamula chikwama.

Kuti chiphasochi si cha muyaya zidaoneka mu Seputembala 2009, pamene boma la Bingu wa Mutharika lidalanda ziphaso za akuluakulu anayi a makampani ogula fodya n'kuwatulutsa m'dziko, powaimba mlandu wogula fodya pamitengo yotsika kuposa imene boma lidakhazikitsa. Alimi a m'mbali mwa msewu wochoka pa Kamwendo kulowera kumsika wa fodya wa Chinkhoma ku Kasungu adaitsatira nkhaniyo mwachidwi, popeza inkakamba za thukuta lawo.

Pamalire palibe chikalata

Kutali ndi maofesi amenewo, pamalire penipeni, sikelo imabwerera mbali yake yakale. Pa chipata cha Mwami, pomwe Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema adatsekulira ofesi imodzi yothandiza maiko onse awiri mu Disembala 2022, anthu amadutsa tsiku ndi tsiku. Ambiri amadutsanso njira zachidule za m'midzi, popeza mbali zonse ziwiri kuli Achewa ndi Angoni, ena ndi apachibale. Nyengo yolima ikafika, anyamata amaoloka kukagwira ganyu m'minda ya ku Chipata ndi Vubwi kapena kukaweta ng'ombe.

Ntchito zotere zimapanganidwa pakamwa, ndipo nthawi zambiri malipiro amalonjezedwa kuti adzaperekedwa zokolola zikagulitsidwa. Bwana wachilungamo amapereka. Wachinyengo amadikira ntchito ithe, kenaka n'kukumbutsa mnyamatayo kuti alibe chiphaso chogwirira ntchito ndipo apolisi sali patali. Chikalata chodutsira pachipata n'chokachezera kapena kukagula katundu, sichiloleza munthu kulembedwa ntchito.

Mchitidwe wolipira pamapeto a nyengo si wachilendo ku Mchinji. Ndi umene unkamanga matenanti m'maesiteti a fodya kufikira pamene Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti mu 2021. Ndipo pamene munthu wanyengedwa ndi lonjezo la ntchito n'kutengedwa kukagwiritsidwa ntchito mokakamiza, nkhaniyo yasanduka mlandu wozembetsa anthu. Lamulo la mu 2015 limapereka chilango chofika zaka 14 m'ndende, kapena zaka 21 ngati wozembetsedwayo ndi mwana.

Ng'ombe isanagulitsidwe

Ngakhale ulendo wodutsa m'manja mwa boma uli ndi zofunika kuzimvetsa. Pa 25 Novembala 2023 achinyamata 221 adanyamuka m'dziko muno kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Patapita miyezi ingapo ena mwa omwe adapita adauza atolankhani kuti ndalama zomwe ankalandira zidali zochepera zomwe ankayembekezera. Mu Meyi 2024 Amalawi 12 adabwezedwa kuno atapezeka kuti adachoka m'minda n'kukayamba ntchito kwina. Viza yawo idali ya ntchito ya kumunda, ndipo kuchokako kudali kuswa pangano.

Kuchokera pa nkhani zonsezi, banja limene mwana wake walonjezedwa ntchito kunja lili ndi mafunso oyenera kufunsa ng'ombe ikadali m'khola.

Loyamba ndi la dzina la wolemba ntchito. M'maiko amene amatsatira malipiro apamsika, viza ya ntchito imayambira kwa bwana, ndipo dzina la kampani yake limakhala pachikalata. Boma la Britain limasindikiza pa intaneti mndandanda wa makampani onse okhala ndi laisensi yolemba alendo. Dobadoba amene akuti viza ilipo kale ndipo ntchito ikapezeka munthu akafika, akugulitsa chinthu chomwe alibe.

Lachiwiri ndi la malipiro: ndi angati pa ola, maola ndi angati pasabata, ndipo mbadwa ya m'dzikolo imalandira zingati pa ntchito yomweyo? Malipiro otsika kuposa muyeso wa boma la kumeneko ndi chizindikiro choti ntchitoyo siyovomerezeka, kapena bwana akufuna kulemba china pachikalata cha boma n'kupereka china m'manja. Malipiro okwera modabwitsa pa ntchito yosafuna maphunziro nawonso ndi nyambo.

Lachitatu ndi la zodula. Nyumba, chakudya, galimoto yopita kuntchito, msonkho, ngongole ya tikiti, zonsezi zingadye malipiro ooneka aakulu mpaka kutsala nyenyeswa. Chofunika kudziwa ndi ndalama imene idzatsale m'manja pakutha pa mwezi.

Lachinayi ndi la ndalama zomwe dobadoba akupempha. Ku America lamulo limaletsa bwana kusenzetsa wantchito zina mwa ndalama zomwe kampani imalipira kuboma popempha viza ya H-1B. Ku Britain, kuyambira pa 31 Disembala 2024, bwana saloledwa kulipiritsa wantchito ndalama ya laisensi kapena ya chikalata chomutsimikizira ntchito. Wopempha mamiliyoni kuti agulitse chikalata chotere ndiye kuti wayamba kale kuswa lamulo ulendo usadayambe.

Lomaliza ndi loti zinthu zikavuta, munthu angachoke bwanji. Pasipoti ikhala ndi yani? Viza ikuloleza kusintha bwana? Tikiti yobwerera alipira ndani? Mayankho ake akhale olembedwa, ndipo pepala lina litsale kumudzi. Ofesi ya zantchito ya paboma ku Mchinji ndi malo oyamba kumene banja lingakaonetse pangano lotere lisadasainidwe. Ndi komwekonso kumene wantchito wa kuno, Mmalawi kapena mlendo, angakadandaule za malipiro, ndipo nkhani ikakanika imapita kukhoti loona za ntchito.

Pa Kamwendo palibe mlimi wanzeru amene amakweza thumba lake pasikelo asadafunse kuti mtedza ukuyenda bwanji lero. Amayamba wazungulira, wamva kwa mavenda atatu kapena anayi, wayang'ananso ngati sikeloyo siyotembenuzidwa. Amachita zonsezi kaamba ka thumba limodzi la mtedza. Mwana amene akukwera basi kupita kudziko la eni akukagulitsa zaka ziwiri kapena zisanu za moyo wake, ndipo kumeneko sikelo ndi ya bwana. Paja safunsa adadya phula.